BISHOPU CHARLES FREDERICK MACKENZIE, MPHUNZITSI WA ANA ANG'ONO (1825-1862)

Pamene tiri kukumbukira iwo amene anatitsogolera m'njira ya Mulungu m'chigwa chino cha Shire, nkoyenera kuti tiyambe ndi Bishopu Charles Frederick Mackenzie. Iye ndiye woyamba mwa amishoni a Universities' Mission to Central Africa amene anagona m'nthaka yathu, ndipo anaikidwa pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo athira madzi ache mu Shire. Masiku ache m'dziko muno anali owerengeka, pakuti anafika kwa Chibisa mwezi wa July 1861, namwalira mwezi wa January 1862. Ambiri amkumbukira chifukwa cha akapolo amene anawamasula m'magoli. Ena amkumbukira chifukwa cha nkhondo zimene analowamo. Koma ife, amene tisonkhanitsa ana pansi pa mtengo kapena m'nyumba ya mapemphero ndi kuwaonetsa zilembo, tifuna kumkumbukira pa nchito imene ifanana ndi yathu. Anali munthu wa maphunziro akuya, koma anadzichepetsa, nayamba waphunzira mau a ana ang'ono kuti akhoze kuwaphunzitsa kuwerenga.

UBWANA WACHE

Anabadwa pa 10 April 1825 ku Portmore, m'dziko la Scotland, ndipo anali mzime m'banja la ana ambiri. Atate wache, Colin Mackenzie, anali mlembi wa bwalo lalikuru la milandu ku Edinburgh. Iwo anamwalira m'chaka cha 1830, mwanayo ali wa zaka 5 zokha. Ndipo mlongo wache wamkuru, Elizabeth, ndiye anasenza gawo lalikuru la kumlera ndi kumlangiza. Chotero iye mwini anadziwa kuyambira ubwana kuti mwana wamasiye akula bwino akapeza wina womgwira dzanja.

Anaphunzira ku Edinburgh Academy, ndi pambuyo pache ku Grange School pafupi ndi Sunderland m'dziko la England. M'chaka cha 1844 analowa sukulu yaikuru ya Cambridge, poyamba pa St John's College, nasamukira ku Caius College. Mphatso yache inali ya masamu. Pa mayeso a masamu a chaka cha 1848, amene anali mayeso omveka koposa pa Cambridge masiku aja, iye anakhala wachiwiri mwa onse; ndipo anampatsa malo a uphunzitsi pa Caius College pomwepo.

Munthu wotere akadakhoza kukhala masiku ache onse pakati pa mabuku ndi anthu ophunzira. Koma tiwerenga kuti ali pa Cambridge anayang'anira sukulu ya pa Sabata ya ana a m'mudzimo, nathandizanso pa sukulu imene inaphunzitsa ana aumphawi nchito za manja. Anadzozedwa udikoni m'chaka cha 1851, ndi unsembe m'chaka cha 1852, natumikira mpingo wa m'mudzi wa Haslingfield, kufupi ndi Cambridge. Iye amene pakati pa sabata anamasulira masamu obvuta kwa anyamata ophunzira, pa tsiku la Mulungu anakhala pansi ndi ana osadziwa kanthu. Ndipo sanaiyesa nchito yonyozeka.

KU NATAL

M'chaka cha 1855 anasiya ulemu wa pa Cambridge, napita ku Natal pamodzi ndi Bishopu John William Colenso, amene anamuika akhale Archdeacon. Mlongo wache Anne anapita naye, ndipo pambuyo pache mlongo wina, Alice, anawatsata. Anatumikira poyamba ku Durban, kumene anasauka ndi makani a Azungu a mumpingo pa za miyambo ya mapemphero. Ndipo atachokako anakhala ku Umhlali, kumpoto kwa Durban. Kumeneko anayenda maulendo atali pa kavalo kukachititsa mapemphero, ndipo iye ndi alongo ache anaphunzira Chizulu, naphunzitsa anthu akuda a pafupi pao, akulu ndi ana. M'menemo anayamba kuzindikira kuti mphunzitsi wosadziwa chinenero cha wophunzira ali ngati munthu wopalasa bwato ndi manja.

Masiku omwewo Dr David Livingstone anali ku England. Pa 4 December 1857 analankhula pa Cambridge, nadandaulira ophunzira kuti atumize amishoni ku maiko amene iye anayendamo, kumene malonda a akapolo anali kutha anthu. Mau amenewo anabala Mishoni ya masukulu akuru a Oxford, Cambridge, Dublin ndi Durham. Pamene Mackenzie anabwerera ku England m'chaka cha 1859, akuru a Mishoniyo anampempha kuti aitsogolere, ndipo anabvomera. Anadzozedwa ubishopu pa 1 January 1861 m'chalichi chachikuru cha St George ku Cape Town.

ULENDO WA PA SHIRE

Mwezi wa February 1861 Bishopu anakomana ndi Livingstone pa matsiriro a Zambezi. Atayamba ayesa mtsinje wa Rovuma osapindula kanthu, analowa m'Zambezi mwezi wa May pa sitima yochedwa Pioneer, nakwera Shire. Ife a m'chigwa chino tidziwa makhalidwe a mtsinje wathu, kuti madzi akaphwa mchenga uli ponse ponse. Sitimayo inatitimira pa mchenga kawiri kawiri, ndipo Bishopu anagwira zingwe ndi kudula nkhuni pamodzi ndi amalinyero. Anapitirira pamene pali Nsanje tsopano, napyola Chiromo ndi dambo lija lalikuru limene Livingstone analicha Elephant Marsh chifukwa cha njobvu zache. Ndipo pa 8 July anafika pa mudzi wa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa.

Anzache a paulendo anali ansembe Lovell Procter ndi Henry Scudamore, ndi dikoni Henry Rowley. Horace Waller, woyang'anira chuma ndi katundu wa Mishoni. Mmisiri wa matabwa Gamble, ndi mlimi Adams. Analinso ndi Akristu akuda ochokera ku Cape Town, amene kale anali akapolo, mmodzi wa iwo ndiye Charles Thomas. Amenewa ndiwo anali omasulira mau.

Popeza m'chigwa muli kutentha ndi malungo, Livingstone anawalangiza kuti akamange kumapiri. Chotero ananyamuka kwa Chibisa nakwera mtunda. Bishopu anayenda ndi ndodo yache ya ubishopu m'dzanja lina, ndi mfuti m'dzanja linzache, atasenzanso thumba la mbeu. Pa 16 July, pa mudzi wa Mbame, anakomana ndi ulendo wa akapolo. Owayendetsa anathawa, ndipo Livingstone ndi anthu ache anadula magoli, namasula anthu 84, ambiri a iwo akazi ndi ana. Livingstone anawapereka kwa Bishopu kuti awasunge. Atamasulidwa enanso m'masiku otsatira, anthu a pa Mishoni anapitirira 150. Ndipo anamanga pa Magomero, m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi, pa malo a mfumu Chigunda.

ANA A PA MAGOMERO

Tiyese kuganizira ana amenewo. Ena anali Amang'anja, ena Ayao. Ena anakwatulidwa m'midzi yotenthedwa, ena anagulitsidwa ndi anansi ao chifukwa cha njala. Ambiri anali ndi zilonda, ndipo analipo ang'ono ndithu osadziwa dzina la mudzi wa kwao. Mwana wotere sungamuonetse chilembo tsiku loyamba. Chifukwa chache nchito yoyamba ya Bishopu ndi anzache inali ya kugula chakudya ndi nsaru ndi mikanda, kutsuka zilonda, ndi kumanga nyumba zogonamo. Analemba maina a anthu onse, ndipo m'mawa uli wonse anawaitana mmodzi mmodzi. Chotero mwana amene dzulo anali katundu wa malonda anamva dzina lache likutchulidwa ndi munthu womsamala.

Scudamore anafoletsa anyamata, nawaphunzitsa kuyenda pamzere ndi kumvera mau a wotsogolera, napita nao kumtsinje kukasamba. Anyamatawo anakondwera nazo monga masewera, koma m'masewera omwewo anaphunzira kukhala pamodzi mwa dongosolo ndi kutchera khutu. Pambuyo pa zimenezi anawagawa m'magulu, nayamba kuwaonetsa zilembo. Maphunziro amenewa anachitika zaka 14 amishoni a Livingstonia asanafike ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, ndi zaka 15 Mishoni ya Blantyre isanamangidwe m'chaka cha 1876.

Pali chinthu chimodzi chimene anzache sanachiiwala. Tsiku lina, pobwera ku Magomero ndi anthu omasulidwa, panali kamtsikana, dzina lache Daoma, kamene kanalema osakhoza kuyenda. Bishopu anakanyamula paphewa pache, nayenda nako mpaka kufika pa Mishoni. Dzina limeneli tilisunge, pakuti tidzakomana nalonso.

MPHUNZITSI WOSOWA MAU

Bvuto lalikuru la sukulu imeneyo silinali kusowa masileti kapena nyumba, koma kusowa mau. Panalibe buku liri lonse la Chimang'anja. Mau a Chinyanja amene Johannes Rebmann anasonkhanitsa pafupi ndi Mombasa, pofunsa munthu wa kwathu kuno wochedwa Salimini, anali asanasindikizidwe. Anaturuka m'chaka cha 1877. Omasulira a ku Cape Town anachoka kwao ali ana, ndipo chinenero cha ena a iwo chinali chosiyana ndi cha anthu a pa Magomero. Chotero munthu uja amene anapambana masamu pa Cambridge anasanduka ngati khanda lophunzira kulankhula. Analoza chinthu, nafunsa dzina lache, nalilemba monga khutu lache linamvera. Mawa lache analitchulanso, ndipo anthu anamkonza. Aphunzitsi ache anali omasulira aja, ndi anthu a m'midzi odzagulitsa ufa ndi nkhuku, ndi ana omwe amene anakhala naye tsiku lonse.

Pamenepo Bishopu ndi anzache anapangana chinthu chimene ambiri a ku England anazizwa nacho. Anatsimikiza mtima kuti asafulumire kuphunzitsa anthu ziphunzitso zakuya za Chikristu kufikira atadziwa bwino chinenero chao. Anaopa kuti akatchula mau osawadziwa tanthauzo lache lenileni, adzabzala m'mitima ya ana chinthu chokhota chimene sichidzaongokanso. Mau monga tchimo, chisomo, mzimu, chikhululukiro, ali ndi katundu wolemera. Ndipo mlendo angathe kutola liu limene kwa eni ache litanthauza china. Chotero anayamba amvetsera. Rowley analemba za tsiku limene anthu a Chigunda anapempha mvula poitana dzina la Mpambe. Ndipo m'zotere amishoni anazindikira kuti anthu a dziko lino anali nalo kale dzina la Mulungu, ndi kuti mphunzitsi ayenera kumanga pa chimene wophunzira ali nacho kale.

Ena adzati kuchedwa kumeneko kunali kutaya nthawi, makamaka popeza Bishopu anamwalira asanalalike ulaliki ndi umodzi womwe wa Chimang'anja chomveka. Ife titi anachita mwanzeru. M'mera mpoyamba, ndipo chimene mwana aphunzira chokhota pa zaka 6, mphunzitsi adzasauka nacho pa zaka 16. Pamene milomo yache inali isanamasuke, Bishopu anaphunzitsa ndi manja ache: anasenza mitengo, anafolera nyumba, anagawa chakudya mosakondera, naweruza milandu ya anthu ache moleza mtima. Mwezi wa October 1861 anaimika mzati woyamba wa nyumba ya mapemphero, koma nyumbayo sinatha kumangidwa.

ZA MFUTI IJA

Sitingalembe mbiri yoona tikabisa chimene chinaipsa nchitoyi. Masiku aja Ayao anali kulowa m'dziko la kumapiri, atapitikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala, ndipo anali kulimbana ndi Amang'anja. Mafumu a Amang'anja anadza kwa Bishopu kudzapempha thandizo. Iye anabvomera, atawapanganitsa kuti aleke kugula ndi kugulitsa anthu. Ndipo mwezi wa August 1861, ndi mwezi wa October, amishoni anatsogolera nkhondo pa misasa ya Ayao, naitentha. Pa kutha kwa chaka chomwecho Bishopu anatenthanso mudzi wa mfumu ina imene inachitira chiwembu Procter ndi Scudamore pa ulendo wao wofuna njira ya ku Ruo.

Cholinga chache chinali cha kupulumutsa ogwidwa. Koma anthu anafa, nkhokwe zinapsa m'chaka chimene chakudya chinali chochepa kale, ndipo ana ena amene analowa sukulu ya Magomero anasanduka amasiye chifukwa cha nkhondo zomwezo. Amishoni otsala anadzazindikira pambuyo pache kuti Ayao sanali oipa onse, ndi kuti mwa Amang'anja analiponso ogulitsa anzao. Mbiriyi itafika ku England, akuru ena a Mpingo anadzudzula kolimba. Tiona apa kuti kusadziwa chinenero kunampweteka pawiri: kunamchedwetsa m'sukulu, ndiponso kunamchititsa kuweruza mlandu wa mitundu iwiri atamva mbali imodzi yokha, ndiyo yopyolera m'kamwa mwa omasulira.

Pa Magomero pomwe panabuka nthenda. Malowo anali otsika, anthu anachuluka, madzi a mtsinje anaipa, ndipo kamwazi ndi njala zinatenga ambiri, makamaka ana.

IMFA YACHE PA MALO

Bishopu anapangana ndi Livingstone kuti adzakomane pa matsiriro a Ruo pa 1 January 1862. Anayembekeza mlongo wache Anne, ndi mkazi wa wansembe Henry Burrup amene anali atangofika pa Mishoni. Pakuti atsikana ndi akazi a pa Magomero analibe mai wowaphunzitsa. Mvula ndi kudzala kwa mitsinje zinamchedwetsa. Iye ndi Burrup anatsikira kwa Chibisa, nalowa m'bwato pamodzi ndi Amakololo atatu, natsika ndi Shire. Usiku wina bwato linagubuduka, ndipo mankhwala onse, kwinini yemwe, anatayika m'madzi.

Anafika pa chisumbu cha Malo, pa matsiriro a Ruo, pa 11 January, napeza kuti Livingstone anapitirira kale masiku owerengeka kunka kunyanja ya mchere. Anatsimikiza kudikira pomwepo. Malungo anamgwira Bishopu, ndipo popanda kwinini mphamvu zache zinatha msanga. Mfumu ya pachisumbupo, poopa mwambo wakuti nyumba yoferamo mlendo isiyidwe, inapempha kuti amsunthire m'nyumba ina; ndipo m'menemo anamwalira madzulo a pa 31 January 1862, ali ndi zaka 36. Burrup, wodwala iye mwini, anaolotsa mtembo ndi Amakololo aja, nakumba manda patsidya pansi pa mtengo, nanena mapemphero a maliro mumdima monga anakhoza kuwakumbukira. Amakololo anamnyamula Burrup kunka naye ku Magomero, kumene anamwalira pa 22 February.

Anne Mackenzie ndi mkazi wa Burrup anakwera Shire m'mabwato osadziwa kanthu, napitirira manda aja. Ndipo anamva za imfa ya Bishopu atafika kwa Chibisa mwezi wa March. M'chaka chotsatira Livingstone anaimika mtanda pamandapo.

SUKULU ITSIKIRA M'CHIGWA CHATHU

Atamwalira Bishopu, Procter anatsogolera otsala. Pa kutha kwa mwezi wa April 1862 anachoka ku Magomero, natsika ndi ana ndi akazi amasiye kudzamanga kwa Chibisa. Chotero sukulu ija inakhala m'chigwa chino koposa chaka chimodzi, ndipo ana anapitiriza maphunziro ao m'mphepete mwa Shire. Koma mvula inakanika, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inapulula midzi ya m'chigwa, kotero kuti mitembo inayandama pamtsinje. Scudamore anamwalira pa 1 January 1863. Ndipo sing'anga wa Mishoni, Dr John Dickinson, anamtsata mwezi wa March. Onse awiri anaikidwa kufupi ndi Chikwawa. Bishopu wachiwiri, William Tozer, anafika mwezi wa June 1863, nasamutsira Mishoni ku phiri la Morambala, ndipo m'chaka cha 1864 anapita nayo ku Zanzibar.

Anthu ambiri anati zonse zapita pachabe. Koma tiyeni tilondole mapazi a ana aja. Waller anakana kusiya amasiye opanda wowasunga, natenga ena kunka nao ku Cape Town m'chaka cha 1864. Mmodzi wa iwo anali Daoma. Analeredwa pa nyumba ya ana amasiye ya St George, nabatizidwa dzina la Anne. Ndipo atakula anakhala mphunzitsi wa ana ang'ono pomwepo zaka zambiri. Iye amene ananyamulidwa paphewa anatha moyo wache alikuonetsa tiana ta eni zilembo zoyamba.

Mnyamata wina, Chuma, amene anamasulidwa m'chaka cha 1861 nakulira pa Mishoni, anapita ndi Livingstone ku Bombay m'chaka cha 1864 pamodzi ndi mnzache Wakotani, naphunzira komweko. Chuma ameneyu ndiye anatsogolera pamodzi ndi Susi ulendo wonyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo m'chaka cha 1873 kufikira kunyanja ya mchere. Ndipo ku England anathandiza Waller kulongosola mabuku otsiriza a maulendo a Livingstone.

Ngakhale mau aja otoledwa limodzi limodzi sanatayika. Procter ndi mnzache Blair anasindikiza kabuku ka malamulo ndi mau a Chimang'anja m'chaka cha 1875. Ena anadzalima munda womwewo mokulira: David Clement Scott wa ku Blantyre anaturutsa buku lache lalikuru la mau a Chimang'anja m'chaka cha 1892, ndipo m'chaka cha 1922 Buku Lopatulika lonse linatha kumasuliridwa m'Chinyanja. Anne Mackenzie, atabwerera ku England, anasonkhanitsa ndalama za Mishoni ya chikumbutso cha mlongo wache ku Zululand. Universities' Mission inabwereranso m'dziko muno, nimanga pa Likoma m'chaka cha 1885.

MAU KWA AKATEKISTI NDI AKRISTU ANZATHU

Tsono abale, ife tiri nazo zonse zimene Bishopu Mackenzie anazisowa. Chinenero cha ana tinayamwira, mabuku alipo, Mau a Mulungu ali m'manja mwathu m'chilankhulo chathu. Koma kawiri kawiri gulu la ana ang'ono tilipereka kwa mphunzitsi wosazolowera, kapena tilisiya lokha lilikupfuula zilembo pamtima, ife tiri kutanganidwa ndi akuru. Moyo wa munthu uyu utitsutsa pamenepa.

Tiyambe monga anayambira iye. Tidziwe dzina la mwana ali yense ndi kwao. Tione ngati wadya, ngati ali ndi chilonda, ngati maso ndi makutu ache ali bwino. Mwana wanjala kapena wamantha samva chilembo.

Tiyambe ndi mau amene mwana ali nao kale. Mwana wa m'chigwa chino adziwa bwato, nsomba, mbuzi, mapira, thonje, ng'ona. Timfunse, atiuze, atchule zimene aona panjira yodza kusukulu. Tifotokoze nthano ndi kuponya zirapi, pakuti mwana wolemera mau ndiye aphunzira kuwerenga msanga. Tikatero timuonetse a, e, i, o, u. Pambuyo pache maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu. Ndipo posachedwa tilumikize maphatikizowo apange liu lodziwika, monga mame, kapena madzi, kuti aone ndi maso ache chimene pakamwa pache patchula tsiku ndi tsiku. Sileti ikasowa, mchenga ulipo wambiri, ndipo chala chikwanira.

Tikumbukirenso kuti ana ambiri a kuno, makamaka a ku Nsanje, alankhula Chisena kwao. Mwana akati kulonga pamene buku liti kulankhula, kapena akati pinthu pamene buku liti zinthu, sanalakwa ai. Watipatsa liu la amai wache. Tililandire, tiliike pambali pa liu la m'buku, ndipo adzakhala nao awiri. Mphunzitsi wosadziwa Chisena achite monga anachita Bishopu: afunse ana, alembe, alole kuti amkonze. Kumseka mwana chifukwa cha chinenero cha kwao ndiko kumtsekera chitseko cha sukulu.

Ndipo pa Katekisimu tisafulumire. Mwana angathe kubwereza yankho lonse osaphonya, koma osadziwa liu ndi limodzi lomwe la m'menemo. Tiime pa liu liri lonse lolemera, tilimasulire ndi zitsanzo za pamudzi, ndipo timfunse mwana alinene m'mau ache. Makolo nao ali ndi gawo lao: madzulo amfunse mwana chimene waphunzira, namlole awerenge pamaso pao, ngakhale iwo eni sadziwa kuwerenga.

Potsiriza, tisaiwale chenjezo la mfuti ija. Dzanja limene linyamula mwana lisakhale lomwelo lomuopsa. Chikoti chiphunzitsa mwana kubisala, sichimphunzitsa kuwerenga. Ndipo mlandu wa ana awiri usaweruzidwe tisanamve onse awiri.

Mipingo ya Anglican ikumbukira Bishopu Mackenzie pa 31 January, tsiku la imfa yache. Nyengo imeneyo Shire ali wodzala, ndipo njira za kusukulu ziri matope. Pa tsikulo, tikaona kamwana kalikubvutika kuoloka khwawa ndi kabuku kache m'manja, tikumbukire Daoma, ndipo tikanyamule.